Nkhani ya bombayi ine inandionetsa zakuda pa asembule

Madamu mwandikumbutsa zowawa, nkhani ya bomba la nyukiliya lomwe linaphulitsidwa kumwamba mwati mukufuna kuika pa sayansi kilabuyo ndi yomwe inandidanitsa ndi ahedi pa CDSS ina konkuno ku Dedza. Ndinawauza ana a Fomu 3 kuti dziko lathuli lili ndi mphamvu ya maginito yomwe imakola tinthu ta magetsi kumwambako n'kutizunguliritsa ngati malamba, aja amati ma Van Allen belts, asayansi anawatulukira mu 1958. Ndinachita kugulula maginito mu sipika ya wailesi yakufa, kuika pansi pa pepala n'kuwaza tizitsulo topala kuti ana aone okha mizere ija. Kenako ndinafotokoza kuti pa 9 July 1962 America inaphulitsa bomba la nyukiliya lotchedwa Starfish Prime makilomita 400 kumwamba, cha ku Johnston Island, kachilumba ka pa nyanja ya Pacific, ma electron ake ambiri (tinthu ta magetsi tija) sanagwe pansi ayi anakodwa mu mphamvu ija akumangothamanga kumpoto kummwera kwinaku akuzungulira dziko, mpaka panabadwa lamba wina wochita kupangidwa ndi anthu yemwe anatenga zaka kuti azilale. Ku Hawaii magetsi a mumsewu pafupifupi 300 anathima usiku womwewo, setilaiti ya Telstar anaiponya mawa lake ndipo chaka chisanathe inali itafa, itaonongedwa ndi lamba watsopano uja.

Basi mwana wina kukauza makolo kuti sir akuti netiweki ikumavuta chifukwa cha bomba. Lolemba pa asembule, kuzizira kwa June kuja chifunga chili tolo, ndaima manja m'thumba, ndingomva ahedi "pali aphunzitsi ena akudyetsa ana nthano za mu filimu." Ana onse cheu kwa ine. Maginito anga aja ahedi anali nawo m'manja, akuwakweza m'mwamba ngati apeza chithumwa. Munthu woti labu anaisandutsa mosungira chimanga chake! Sanandiitane olo kamodzi kuti andifunse, mpaka lero ndikawaona pa Boma ndimakhota.

Ndiye aphunzitseni ndithu musaope munthu, ana amaikonda nkhaniyi. Koma dzerani kaye kwa ahedi, ndipo mawu oti bomba muwachepetseko, muzingonena za maginito kkk. Anawo muwatsindikenso kuti America, Britain ndi Soviet Union anasainirana mu 1963 zosiya kuyesa mabomba kumwamba, asamapite kunyumba kukanamizira bomba netiweki ikavuta ku Linthipe.