Wotchi ya bambo ikuyenda, koma yasiya kulira

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Thyolo. Akuti malemu bambo awo, omwe anali kapitawo ku esiteti ya tiyi, anawasiyira wotchi ya Seiko ya mivi, yokhala ndi alamu, ndipo nambala ya kumbuyo kwake ikuyamba ndi 7T32. Wotchiyo inagona m'sutikesi zaka zingapo. Mwezi watha anakaikitsa batire pamsika, mivi n'kuyamba kuyenda, koma alamu imene inkadzutsa nyumba yonse m'bandakucha ili zii. Akufunsa ngati yafa, komanso mmene angaisamalire.

Achemwali, khazikani mtima pansi. Wotchi yomwe mivi yake ikuyenda ndiye kuti mtima wake ulipo. Mkati mwake muli kamwala ka quartz kosemedwa ngati mphanda, kamene batire ikakapatsa moto kamanjenjemera ka 32,768 pa sekondi. Kaseketi kamagawa nambalayi pawiri pawiri, maulendo 15, mpaka kutsala kugunda kumodzi. Kugundako kumadutsa mu koyilo ya waya woonda kuposa tsitsi n'kukankha kamaginito kamene kamazunguza magiya. Luso la quartz a Seiko analiika koyamba pamsika mu wotchi ya pamkono pa 25 Disembala 1969, ndipo wotchiyo ankaitcha Astron. Zonsezi kwa inu zikugwira. Chavuta ndi mawu okha.

Musanaitsegulitse, iyang'aneni m'mbali. 7T32 ili ndi timakiyi tiwiri: ka pa 3 koloko ndi kokonzera nthawi ndi deti, ka pa 4 koloko ndi ka alamu. Ka pa 4 koloko kakakhala kokanikizidwa mpaka mkati, alamu ndi yozima, ndipo kuti ilire muyenera kukakoka kamodzi. Komanso kabwalo kakang'ono ka alamu, ka pa 6 koloko, kamasunga nthawi yakeyake. Batire ikachotsedwa, timivi take timasiyana ndi mivi ikuluikulu, ndiye mukapanda kuzigwirizanitsa, alamu imalira nthawi imene simunaiyembekezere, inu muli kudimba kapena kutchalitchi, n'kumaganiza kuti siikulira.

Ngati pamenepo zili bwino, ndiye ndikukayikira kwambiri chivundikiro cha kumbuyo. Anthu ambiri sadziwa kuti wotchi zotere zilibe belu. Mukatembenuza chivundikirocho muona kachimbale kopyapyala komatidwa mkati mwake, kamene amisiri amati piezo. Kakalandira magetsi kamanjenjemera, chivundikiro chonse n'kukhala ngati chikopa cha ng'oma. Magetsiwo amafikako kudzera pa kachitsulo kamodzi kokha: mu wotchi zina ndi kasipuling'i kochepa kuposa njere ya mpunga, mu zina ndi kalilime kopindika kamene kamakhudza kachimbaleko mukatseka. Kachitsuloka kakaphwatalala, kakachita dzimbiri kapena kakagwa, mivi imayendabe bwinobwino koma mawu amatheratu. Ndipo kamagwa nthawi yosintha batire, pakhonde la sitolo pomwe pali fumbi, mphepo ndi anthu atatu akudikira pamzere.

Ine zinandionekera ndi wotchi yanga ina. Ndinaitsegulira patebulo la matabwa, n'kuitembenuza kuti batire igwe. Ndinangomva kuti tii pansi. Ndinakwawa pasimenti ndi tochi ya foni mpaka mawondo kuwawa, ndipo kasipuling'iko ndinakakapeza m'fumbi la kuseri kwa chitseko nditayendetsamo maginito a sipika yakale. Chiyambire tsikulo ndimayala nsalu yoyera m'mbale yaikulu n'kumagwirira ntchito mmenemo. Mukapita kwa mmisiri, muuzeni asanatsegule kuti, “Bambo, iyi ndi ya alamu, musamale kachitsulo kokhudza chivundikiro.” Wodziwa ntchito yake amva msanga.

Mufunsenso batire yomwe anaikamo. Yoyenera ndi SR927W, imene makampani ena amailemba 399. Ili ndi inzake yofanana nayo msinkhu ndendende, SR927SW kapena 395, yopangidwira wotchi zongoyendetsa mivi. Chilembo W chokhacho chikutanthauza kuti batireyo imatha kutulutsa moto wambiri nthawi imodzi, ndipo n'zimene alamu imafuna. Batire zotchipa zija zolembedwa LR, zogulitsidwa pakhadi, ine sindingaziike mu wotchi ya malemu bambo anga, chifukwa zimatha msanga ndipo sizichedwa kutuluka madzi. Batire yatsopano ikalowa, mkati mwa wotchi muli kadontho kolembedwa AC. Mmisiri amakakhudzitsa ndi mbali ya + ya batire kwa masekondi angapo pogwiritsa ntchito kachopanira kachitsulo, kuti seketi iyambe mwatsopano. Osintha batire mothamanga ambiri amadumpha pamenepa. Kupatula apo, batire imagwiridwa ndi chopanira cha pulasitiki.

Chondidetsa nkhawa kwenikweni ndi zaka zija za m'sutikesi. Batire yakufa ikasiyidwa mkati imatuluka madzi amene amauma n'kukhala ufa woyera kapena wobiriwira, ndipo ufawo umadya tizitsulo ndi seketi pang'onopang'ono. Pemphani kuti akuonetseni ndi galasi lake lokulitsa zinthu lija pamalo pokhala batire. Ngati ufa ulipo, aupukute mosamala osayandikitsa sikuludiraiva ku koyilo, pakuti kungoikanda kamodzi waya waduka. A Seiko analeka kupanga 7T32 n'kubweretsa mtundu wina wotchedwa 7T62, choncho chipangizo chikawonongeka amisiri amachichotsa mu wotchi ina yakale ya mtundu womwewo, ndipo zoterozo sizipezeka wamba.

Kwathu kuno, kuyambira ku Mulanje mpaka kwanu ku Thyolo, mdani wina ndi chinyezi. Pa chivundikiro ndi pa timakiyi pali timphira totchinga madzi, ndipo pa wotchi ya zaka zoposa makumi awiri timphirato tinauma kalekale, ngakhale kumbuyo atalemba kuti siilowa madzi. Nthawi ya chiperoni, nkhungu ikakuta minda ya tiyi masiku atatu osaona dzuwa, mukaona kamtambo mkati mwa galasi dziwani kuti madzi alowa. Musadikire kuti kaume kokha. Itsegulidwe tsiku lomwelo, mphira usinthidwe ndi kupakidwa girisi wa silikoni. Muivule pochapa ndi posamba, musakanikize mabatani ikanyowa, ndiponso musaigoneke pamwamba pa wailesi chifukwa maginito a sipika amasokoneza mivi.

Batire yabwino imakhalamo pafupifupi zaka ziwiri. Mukadzaona kamuvi ka masekondi kakudumpha masekondi awiriawiri, batire yatsala pang'ono kutha, ndiye sabata yomweyo isinthidwe. Mukaganiza zoibwezera m'sutikesi, ichotsedwe kaye batire.

Yambani ndi kakiyi ka pa 4 koloko madzulo ano. Tcherani alamu kuti ilire pakapita mphindi ziwiri, muike wotchiyo pakhutu, kenako mundilemberenso zomwe mwamva, ngakhale katakhala kaphokoso kapansipansi.