Imene akupatsaniyo si yonse, achimwene

Achimwene, mwati mwaonera Ghost in the Shell, filimu ya katuni ya ku Japan, koma simunaimvetse. Vuto si mutu wanu ayi. Ngati Ghost in the Shell yanu ikutha pa mphindi 50 monga mwanenera, ndiye kuti aidula, ndipo palibe munthu angaimvetse ili choncho. Yeniyeni ya 1995, imene anatsogolera Mamoru Oshii, imapitirira pang'ono mphindi 80. Zimandiwawa kwambiri zimenezi, chifukwa anyamata oika mafilimu pa fulashi ndi pa memory card, pamodzi ndi aja amaduladula mafilimu n'kumaika pa intaneti m'zigawozigawo, amachotsa malo onse amene palibe mfuti ikulira. Kwa iwo pamene anthu akhala chete ndiye kuti palibe chikuchitika. Kenaka amaikapo mawu a loboti kuti azikufotokozerani nkhani ngati muli kusukulu yamkaka, dzina la fayilo n'kulemba kuti ndi yonse. Kumeneko ndi kuba, sindiopa kunena.

Onani ngati muli ndi gawo ili, chifukwa filimu yonse yakhazikika pamenepa. Pali bambo wina wogwira ntchito pa galimoto yotola zinyalala. Galimoto ikaima, iye amathamangira pa foni ya m'mbali mwa msewu, kuyesa kulowa mu ubongo wa mkazi wake, poti akuti mkaziyo akufuna banja lithe ndipo sakumulola kuona mwana wawo wamkazi. Amadandaulira mnzake wapantchito njira yonse, mpaka kutulutsa chithunzi choti aone mwanayo. Atagwidwa, amamukhazika m'chipinda chofunsira mafunso, wapolisi wina dzina lake Togusa n'kumuuza pang'onopang'ono kuti mkazi alibe, mwana alibe, sanakwatirepo, amakhala yekha. Zonse anachita kumuikira m'mutu kuti amugwiritse ntchito pothyola ubongo wa womasulira wa nduna. Amamupatsa chithunzi chija kuti ayang'anenso, ndipo mwana mulibemo. Bamboyo amafunsa ngati maloto abodzawa angachotsedwe, yankho n'kukhala loti luso lake silinafike pamenepo. Ndiye kuti adzakhala akumusowa mwana amene sanabadwe, chikondi chili chenicheni koma mwini chikondicho kulibe. Kunja kwa galasi Major Motoko Kusanagi, mayi wapolisi amene ndi mwini nkhani ya filimuyi, waima phee akuyang'ana, nkhope yake ikuonekera pa galasipo. Iyeyo thupi lonse ndi lopanga, ubongo wokha ndi umene anamuuza kuti ndi wake, ndipo sanauonepo ndi maso. Ngati bambo wamba angapusitsidwe chonchi, iye angadziwe bwanji kuti anakhalapo munthu? Odula aja amasiya kuthamangitsana pamsika ndi nkhonya za pamadzi paja, koma chipinda ichi amachitaya.

Chinanso chimene amataya ndi mphindi zitatu kapena kuposerapo za pakati pa filimu, zopanda mawu ngakhale amodzi. Boti likuyenda mu ngalande za mzinda umene anaujambula potengera Hong Kong, mvula ikugwa, ana akuthamanga ndi maambulera achikasu, nyimbo ya Kenji Kawai ikulira ndi kwaya yoimba m'Chijapani chakale. Major amakweza maso n'kuona mayi wina pawindo, nkhope ndendende ngati yake. Thupi lake linachokera ku fakitale, ndiye ena akhoza kukhala nalo lomwelo. Mukapanda kuona zimenezi, zimene amachita kumapeto, kudzithyola mikono pokoka chitseko cha chigalimoto chankhondo kenaka kuvomera kuphatikizana ndi Puppet Master, zimaoneka ngati misala chabe. Puppet Master ndi pulogalamu yotchedwa Project 2501, imene inapangidwa ndi nthambi ya boma yotchedwa Section 6 kuti izichita ukazitape, koma inadzizindikira yokha ikuyendayenda mu netiweki. Sikufuna kudzikopera ngati fayilo, chifukwa makope ofanana vairasi imodzi imawapha onse. Ikufuna kubereka chinthu chosiyana nayo komanso kutha kufa. Mawu awiri a m'dzina la filimu akunena zomwezi: shell ndi chigoba, ghost ndi chija chimati "ine" mkatimo.

Mukapeza ya utali wokwanira, musafulumire kusangalala, yang'anani miniti yoyamba. Ya 1995 manambala ndi mapu ake ndi obiriwira, ndipo Major akudumpha pamwamba pa nyumba ndi wojambulidwa pamanja. Mukaona zonse zili ngati lalanje, Major akunyezimira ngati chidole cha pulasitiki, imeneyo ndi 2.0 ya 2008. Nkhani ndi yomweyo koma anasintha magawo ena ndi zithunzi za pakompyuta, ndipo mawu a Puppet Master, amene poyamba anali aamuna akutuluka m'thupi lachikazi, anawasandutsa aakazi. Kusagwirizana kwa mawu ndi thupi kuja kunali ndi ntchito, kumakuuza kuti amene akulankhula si mwini chigobacho. Mukaona anthu enieni, imeneyo ndi ya Hollywood ya 2017 ya Scarlett Johansson, nkhani yake ndi ina, ya munthu wofunafuna kwao kumene anachokera.

Kukula kwa fayilo nakonso musakunyoze. Filimuyi ndi yamdima, usiku ndi madzi ndi mithunzi, ndiye ikafinyidwa kufika pa 200 MB malo akuda amasanduka timabokosi, ndipo chovala chija chomuchititsa munthu kusaoneka mumangoti chithunzi chaonongeka. Pa ma subtitle pali mavuto awiri osiyana ndipo anthu amawasokoneza. Ngati mawu akuchedwa kapena kufulumira mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, mu VLC, pulogalamu yoonera mafilimu pakompyuta, dinani G kapena H, kudina kamodzi kumasuntha ndi 50 ms, kachigawo kakang'ono ka sekondi. Koma ngati poyamba zikugwirizana kenaka n'kumatalikirana pamene filimu ikupita, musataye nthawi ndi mabatani amenewo. Pamenepo fayilo ina ikuthamanga pa mafulemu 25 pa sekondi, ina pa 23.976, ndipo kusiyana kwake kumakwana pafupifupi masekondi awiri ndi theka pa miniti iliyonse. Pofika pa bambo wa zinyalala uja mudzakhala mukuwerenga zimene zinanenedwa kalekale. Funani ma subtitle a mtundu wa fayilo yanuyo basi. Ndipo ikani mawu a Chijapani, chifukwa Atsuko Tanaka, amene anamwalira mu 2024, amalankhula Major mozizira koma motopa, m'njira imene ya Chingerezi sinaifike.

Pakhomo musaiike pa TV ana ali pompo poganiza kuti ndi katuni. Pachiyambi pomwe mutu wa munthu umaphulika, ndipo kupangidwa kwa thupi la Major amakuonetsa lilibe chovala.

Komabe ndinene chilungamo, ngati mukuonera pa foni, ulendo woyamba ingoikani ya mawu a Chingerezi yomweyo. Sikirini ndi yaing'ono, maso akakhala pansi kuwerenga mayi wa pawindo uja adutsa osamuona. Ndipo ngati muli munthu wosachedwa kutopa, ya 1995 isiyeni kaye, yambani ndi Stand Alone Complex ya 2002 ya Kenji Kamiyama, magawo 26 a pafupifupi mphindi 25. Anthu ake ndi omwewo, Aramaki, Batou, Togusa, koma nkhani siilumikizana ndi ya filimu, ndipo amafotokoza bwino mmene ubongo wamagetsi umagwirira ntchito. Gawo lililonse amalilemba poyamba ngati ndi loima palokha kapena ndi la mlandu waukulu wa Laughing Man, koma musadumphe oima paokhawo, timaloboti ta Tachikoma timakula nzeru m'menemo ndipo mudzatifuna kumapeto. Filimu yotsatira yake, Innocence ya 2004, musaikhudze musanaone ya 1995 yonse, imayambira pamene Major wachoka kale ndipo sidikira munthu. Kwa amene anakupatsani ya mphindi 50 uja, bwererani ndi fulashi yanu, aitsegule pamaso panu, muyang'ane utali wake pansi pa sikirini musanapereke ndalama.