Wina kugona, wina kulira, filimu yake imodzi

Achimwene, mwafunsa kuti zinatheka bwanji mnzanu kugona tulo inu misozi ili m'maso, pamene mumaonera limodzi filimu yoyenda pang'onopang'ono. Si zachilendo ayi. Mu 1960, pachikondwerero cha mafilimu ku Cannes m'dziko la France, anthu anakuwiza filimu ya Michelangelo Antonioni, wopanga mafilimu wa ku Italy, yotchedwa L'Avventura, koma oweruza anaipatsa mphoto chaka chomwecho.

Nkhani yagona pa chimene munthu akudikira. Mufilimu imeneyo mtsikana amasowa pakachilumba, ndipo sapezeka mpaka kumapeto. Amene wakhalira kudikira kuti amve komwe mtsikanayo wapita amatuluka akudandaula kuti amutayitsa nthawi. Koma amene maso ake ali pa otsalawo, kuona mmene akumuiwalira mnzawo msangamsanga chotere, iyeyo ndiye amatuluka mtima utasweka. Kamera ikaima nthawi yaitali pankhope yosalankhula, woonera amayikamo zake za mumtima, ndipo ena safuna ntchito imeneyo ataweruka.

Poonera pakenso pamathandiza. Pafoni, mauthenga akulowa, filimu yotere siimveka.

Komabe mnzanuyo musamuweruze. Mafilimu ena amtunduwu amangochedwa opanda chonena, ndipo ine ndimawazimitsa.