Kodi kafukufuku wa netiweki angachitikire ku Luchenza?

Imelo yomwe yandifika sabata ino ndi yaifupi. Achemwali ena omwe akumaliza maphunziro a zamatelefoni akufunsa ngati n'zanzeru kufufuza za momwe mavidiyo amafikira pa foni ali kwawo ku Luchenza, poti alibe labu ndi zida, pomwe anzawo onse athamangira mitu ya 5G ndi 6G. Akuopa kuti mutu wawo uoneka wachimidzi.

Achemwali, mantha amenewo ndikuwadziwa. Ine mawu otere ndidawamva kuchokera kwa munthu wamkulu, wovala tayi, atagwira pepala langa m'manja.

Pa nthawi ya ine, 3G inali itangofika kumene. Ndidabwereka foni yomwe inkaonetsa mphamvu ya siginolo m'manambala, n'kuyamba kuyenda nayo kuchokera pa boma la Thyolo kutsika msewu wa ku Makwasa. Ndinkaima pa mtunda uliwonse ndi m'chigwa chilichonse, kulemba manambalawo m'kope lachikuto cholimba lomwe ndidagula pa golosale. Pamwamba pa chitunda foni inkawerenga cha m'ma -75 dBm (muyezo wa mphamvu ya siginolo), kusonyeza kuti siginolo ili bwino. Ukangotsetsereka pang'ono kulowa m'khwawa momwe muli mitengo ya bulugama, nambala ija inkagwa mpaka kudutsa -105, mawu n'kuyamba kuduladula. Amayi othyola tiyi ankandiyang'ana ndi madengu awo kumsana, mmodzi mpaka adandifunsa ngati ndikufuna malo oti ndikwirirepo mankhwala. Kope lija lidanyowa ndi chiperoni kangapo konse, inki n'kumwazika, moti masamba ena ndinkachita kuwayanika pamwamba pa mbaula.

Tsiku lofotokoza zomwe ndapeza, mkulu uja adatsegula masamba awiri atatu n'kufunsa kuti, "Nanga simulation ili kuti? Iyitu ndi ntchito ya tekinishani." Simulation ndi kuyerekeza zinthu pa kompyuta m'malo mokayeza kunja. Mnzanga yemwe adalankhula pambuyo panga adaonetsa mzinda wa pa kompyuta, wa nyumba zosanjikizana makumimakumi, zomwe ngakhale mu Blantyre mulibe. Adamuombera m'manja.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti masamu omwe mnzangayo adagwiritsa ntchito, a Okumura-Hata, adabadwa m'njira yomweyo yomwe ine ndidanyozedwa nayo. Yoshihisa Okumura ndi anzake adayenda kuyeza siginolo mu Tokyo ndi madera ozungulira, n'kusindikiza zotsatira zake mu 1968. Mu 1980, Masaharu Hata adasandutsa miyezoyo kukhala masamu omwe mainjiniya padziko lonse akhala akuwerengera poika nsanja za mafoni. Anthuwa ankayeza kwawo. Palibe adawauza kuti Tokyo ndi mutu wachimidzi. Koma ife timatenga masamu a ku Tokyo kuwaika pa zitunda za Thyolo, ndipo akalephera timati vuto ndi zitunda.

Tibwere ku mavidiyo, poti ndiko kuli funso lanu. Mukadina vidiyo pa YouTube kapena pa Facebook, siibwera yonse nthawi imodzi. Imakhala itadulidwa kale m'tizidutswa ta masekondi ochepa, ndipo kachidutswa kalikonse kamasungidwa m'milingo ingapo, kuyambira kosaoneka bwino ka 144p mpaka kowala ka 1080p. Apple idabweretsa njira yake ya HLS mu 2009, ndipo njira ina yofanana nayo, ya MPEG-DASH, idavomerezedwa ngati muyezo wa dziko lonse mu 2012. Foni yanu imayang'ana momwe kachidutswa kapitako kafikira msanga, ndi kuchuluka kwa vidiyo yomwe yasungidwa kale poyembekezera kuonetsedwa, kenako n'kusankha mlingo wa kachidutswa kotsatira. Ikasankha waukulu netiweki n'kufooka, ndi pomwe mumaona kaja kozungulira pakati pa sikirini. Akatswiri alemba mapepala osawerengeka pa nkhani ya kasankhidwe kameneka.

Nanga njira zimenezi amaziyesa ndi chiyani? Imodzi mwa nkhokwe za miyezo zomwe zagwiritsidwa ntchito kwambiri idasonkhanitsidwa ku Norway n'kutulutsidwa mu 2013. Ofufuza ankakwera mabasi, sitima zapamtunda ndi zapamadzi cha ku Oslo, akulemba liwiro la 3G ulendo wonse. Basi, ndi zomwezo. Ntchito ya tekinishani ija. Koma ofufuza a m'mayunivesite akuluakulu, kuphatikizapo a ku MIT ya ku America, akhala akuyesera njira zawo pa miyezo imeneyo. Tsono ndiuzeni, minibasi yochoka ku Limbe kudzera pa Bvumbwe, Thyolo, Luchenza, Chitakale mpaka ku Muloza yachepa pati? Mu ulendo umenewo foni imalumpha kuchoka pa 4G kupita pa 3G, kugwera pa EDGE (netiweki yakale ya 2G), kubwereranso, ndipo mukayandikira malire imayamba kunyengereredwa ndi nsanja za ku Mozambique.

Ndipo apa ndiyankhula mosapsatira. Njira zambiri zotumizira vidiyo zidapangidwa ndi cholinga chomwe si chathu. Zimafuna kukupatsani chithunzi chowala kwambiri chomwe netiweki ingakwanitse, chifukwa amene adazipanga ankaganizira munthu wolipira intaneti pa mwezi, yosawerengera. Kuno munthu wagula bandulo ya tsiku limodzi ndi ndalama ya ndiwo. Werengani nokha: vidiyo yoyenda pa liwiro la 1 Mbps imadya 450 MB pa ola. Ikakwera kufika pa 2.5 Mbps, ola lomwelo ladutsa 1 GB. Ndiye netiweki ikakhala bwino, foni imasangalala n'kukwezera mlingo yokha, ngati mlendo amene akuomola nsima mosaona kuti ufa watsala wochepa m'thumba. Mwini foni akadafunsidwa akadasankha 360p kuti aonere ulaliki kapena mpira mpaka kumapeto. Funso lakuti vidiyo yabwino ndi yotani kwa munthu amene akuwerengera MB iliyonse ndi funso la sayansi lenileni, ndipo woyankha bwino ndi amene amakhala ndi anthu oterowo.

Pali china chomwe anzanu a 6G sadzachiona. Mavidiyo ambiri m'midzi mwathu sadutsa n'komwe pa nsanja. Pitani pa msika wa Luchenza kapena pa Goliati tsiku la msika, muone anyamata a ku burning ali ndi kompyuta yakale pa tebulo, akuthira nyimbo ndi mafilimu omasuliridwa m'Chichewa m'mamemore khadi. Khadiyo ikafika kumudzi, zomwe zilimo zimayenda foni ndi foni pa Bluetooth kapena pa Xender. Ku mayunivesite akunja kuli nthambi yonse yofufuza za maukonde omwe uthenga umayenda podikira kuti anthu akumane, ndi za kusungira vidiyo pafupi ndi woonera. Ambiri mwa iwo amachita kuyerekeza pa kompyuta. Ife zikuchitika pa khonde la shopu, pa mtengo wodziwika, ndi makasitomala omwe mutha kucheza nawo.

Nkhani ya mvula nayonso imandisowetsa mtendere. Anthu amati kukagwa mvula netiweki imathawa, ndipo ophunzira ena amangowaseka. Zoona zake n'zakuti madontho a mvula sasokoneza kwenikweni mafunde a 900 kapena 1800 MHz omwe amayenda pakati pa foni ndi nsanja. Amene amavutika ndi mafunde opitirira 10 GHz, a timbale tija timalumikiza nsanja ina ndi inzake. N'chifukwa chake nthawi zina timizere ta siginolo timadzadza pa foni koma palibe chikutseguka. Mulanje, ndi mvula yake ya m'munsi mwa phiri lotalika mamita 3,002, ndi malo oyezera zimenezi omwe anthu ena akadalipira ndalama kuti awapeze. Ndiye panabwera namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, yemwe adagumula misewu ndi milatho n'kudula magetsi. Nsanja imadalira mabatire ndi dizilo, ndipo dizilo amadalira msewu. Kodi nsanja ya kumudzi imapirira maola angati magetsi akazima, ndipo ndi mauthenga ati oyenera kudutsa patsogolo netiweki ikatsala ya mphamvu zochepa? Mutu wa digiri ya PhD ndi umenewo.

Musaganize kuti palibe adayesapo kuno. Mu 2013, gulu la ku Chancellor College motsogozedwa ndi Dr Chomora Mikeka, mogwirizana ndi MACRA komanso bungwe la sayansi la ICTP la ku Trieste, ku Italy, lidayesa kutumiza intaneti pa mafunde a wailesi ya kanema omwe ankangokhala osagwiritsidwa ntchito, mu Zomba. Ntchito imeneyo idatchuka kunja chifukwa idayankha vuto la kuno. Ndipo inu muli ndi mwayi womwe ife tidalibe: MUST ili pa Ndata pompo kuyambira 2014, ulendo wa kabaza ndithu kuchokera kwanuko.

Tsono muyambire pati?

Ndisanayankhe, ndinene za aphunzitsi oyang'anira kafukufuku. Ena mwa iwo amakonda simulation chifukwa siwatulutsa mu ofesi, ndipo zotsatira zake zimabwera zosalala, mizere yokwera bwinobwino. Miyezo ya m'tchire imabwera yosokonekera, imafuna kufotokoza. Mukapeza wokuyang'anirani amene akufunsa kuti mudayeza nthawi yanji, ndi foni yanji, kunja kunali bwanji, mugwireni mwendo ameneyo.

Zofunika n'zochepa. Foni ya Android, ma SIM a makampani onse awiri, ndi pulogalamu ngati G-NetTrack yolemba mphamvu ya siginolo (RSRP), kumveka bwino kwake pakati pa zosokoneza (SINR) ndi malo omwe muli. Sankhani msewu umodzi, muziuyenda mobwerezabwereza, m'mawa ndi madzulo, dzuwa ndi mvula. Dulani vidiyo imodzi m'tizidutswa ndi pulogalamu ya ffmpeg, muiseweretse pa pulogalamu yoonetsera mavidiyo ya dash.js pogwiritsa ntchito miyezo yanuyo, ndipo simulation yomwe akufunayo muwapatse pa ns-3, pulogalamu yoyerekezera maukonde yomwe ndi yaulere. Kenako onetsani anthu zotsatira kuti apereke malikisi kuyambira 1 mpaka 5, mutawauza kuti mlingo uliwonse ukudya makwacha angati. Chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku mutenge musanafunse munthu aliyense, ndipo manambala a foni a anthu musawalembe paliponse.