Mwana womwa mankhwala a chithokomiro ali ku sukulu yogonera

Mayi wina wa ku Kasungu walemba kuti mwana wake wamkazi, wa Fomu 3, amamwa levothyroxine chifukwa chithokomiro chake sichigwira bwino ntchito. Chipitireni ku sukulu yogonera akumasinza m'kalasi ndipo magiredi atsika. Piritsi amamwera madzi a malalanje pa kadzutsa. Mayiwa akufunsa ngati malalanjewo ndiwo avuta.

Mayi, choyamba musamuyese waulesi mwanayu. Mankhwala amenewa akapanda kulowa mokwanira m'magazi, munthu amafooka, amamva kuzizira ena ali bwinobwino, ndipo mutu umagwira mochedwa.

Za malalanje: madzi a manyumwa ndi a malalanje amatha kuchepetsako kayamwidwe ka mankhwala ena m'matumbo, koma pa levothyroxine kusinthako n'kochepa. Musamuletse malalanje kapena manachesi, adye masana. Piritsi lokha amwere madzi wamba, m'mimba mulibe kanthu, kenako adikire mphindi 30 mpaka 60 asanadye.

Ine nkhawa yanga ili pa kadzutsa yenseyo. Ku sukulu yogonera belu likalira mwana amathamanga ndi kapu ndi mbale, piritsi n'kuliponya m'kamwa ali pa mzere wa phala. Ngati phalalo ndi losakaniza soya, monga Likuni Phala, soyayo amatchinga mankhwalawa. Tiyi wamkaka nayenso sathandiza. Mapiritsi owonjezera magazi, amene atsikana ambiri amalandira, ndi a kashiamu ndiye ayenera kutalikirana ndi levothyroxine ndi maola 4.

Pitani nokha mukaonane ndi a matironi, mutatenga buku la kuchipatala. Mukagwirizane kuti botolo la madzi lizigona pafupi ndi bedi lake, azimwa piritsilo akangodzuka asanapite kosamba. Pofika nthawi ya phala, ola limakhala lakwana. Aphunzitsi a kalasi yake adziwenso, kuti asamamupatse chibalo chifukwa cha tulo.

Musawonjezere mlingo panokha, chonde. Mubwerere naye kwa dokotala akamuyeze TSH, komwe ndi kuyeza magazi koonetsa ngati mlingo wa mankhwalawa ukukwanira, ndipo mukafotokoze mmene wakhala akumwera. Zinthu zikasinthidwa, kawirikawiri amayezanso pakatha masabata 6 mpaka 8. Akali ndi chaka chathunthu asanalembe MSCE, choncho pemphani aphunzitsi amuthandize kubwereza mitu imene inamudutsa teremu ino.