Kupanga mafoda amkati popanda pulogalamu kuima

Achimwene, mwafunsa chifukwa chimene pulogalamu yanu ya Python, yosunga malipoti a alimi a mtedza a ku Katete ndi ku Chadiza m'mafoda a chaka ndi boma, imaimira n'kulemba FileExistsError mukaiyendetsa kachiwiri. Vuto lili pa os.mkdir, chifukwa lamulo limeneli limapanga foda imodzi yokha, ndipo limakana fodayo ikakhala kuti ilipo kale kapena foda yaikulu yoisunga ikasowa.

Lembani os.makedirs("malipoti/2024/Katete", exist_ok=True). Lamuloli limapanga mafoda onse osowa panjirapo, ndipo likapeza kuti alipo kale limangodutsa osadandaula. Mawu a exist_ok anayamba kugwira ntchito mu Python 3.2, choncho kompyuta yanu iyenera kukhala nawo.

Ndikupempheni kuti musamayambe ndi os.path.exists, lamulo loyang'ana ngati foda ilipo kale, kenako n'kupanga foda, ngakhale kuti anzathu ambiri kuno ku Chipata amatero, pakuti mapulogalamu awiri akamayenda nthawi imodzi, ina ikhoza kupanga fodayo pulogalamu yanu itangomaliza kuyang'ana, ndipo vuto lija limabwereranso. Dziwaninso kuti pakakhala fayilo yotchedwa Katete pamalo pomwepo, exist_ok siikuthandizani, ndiye muyambe mwasintha dzina la fayiloyo.