Yambani ndi mavidiyo osadumpha

Achemwali, poti mukungoyamba kumene zovina zolimbitsa thupi pakhomo, sakani pa YouTube mavidiyo a Walk at Home a Leslie Sansone, kapena a Zumba Gold. Masitepe ake ndi ochepa ndipo phazi limodzi limakhala pansi, ndiye mawondo savutika. Ine ndinayambira mavidiyo ovina mothamanga, pasimenti ya pabalaza wopanda nsapato, tsiku lachitatu akakolo ali tupe! Valani nsapato zothamangira. Mphindi 15 zikwanira poyamba, muziwonjezera mpaka zifike 150 pa sabata monga amalangizira a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse. Muziika vidiyo pa kwalite yotsika ya 360p kuti bandulo isathe msanga. Koma ngati muli ndi BP, shuga kapena pakati, kaonaneni kaye ndi dokotala. Mukamva chizungulire kapena kupweteka pachifuwa, lekani pompo mupite kuchipatala.